Musanadzudzule mwana, yezani pamene waima: phunziro la nsanja yomenyerapo gofu

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu. Amene munakhalako kudera la fodya mukudziwa kuti mwezi wa Julaye ukamafika zigafa zambiri zimakhala zopanda kanthu. Mabelo amakhala atapita kale kumsika wa Chinkhoma, mikangala itaunjikidwa pambali, ndipo mumthunzi wa chigafa mumangousa mbuzi ndi nkhuku.

Nyengo imeneyi ndi imene amalume anga, omwe akhala zaka zingapo akugwira ntchito ku Joni, anafika pamudzi atanyamula ndodo ziwiri zakale za gofu ndi kathumba ka mipira. Madzulo ena anandionetsa kanema m'foni mwawo. Inali galaja ya bwana wawo ku Johannesburg, koma munalibe galimoto. Kukhoma kunali chinsalu chachikulu chooneka bwalo la gofu, ndipo bwanayo anaima pansanja ya matabwa n'kumenya mpira weniweni. Mpirawo utagunda chinsalu n'kugwa pansi, chithunzi chake chinapitiriza kuuluka mpaka kukatera pa udzu wa pachinsalupo.

"Zam'mwambazi n'za anthu a ndalama," anatero amalume. "Koma ichi wapondapochi ndinathandiza kukhoma ndine. Aphunzitsi, bwanji timange chathu pachigafa apa?" Amanditchula choncho mondiseka, podziwa kuti ndikuchita maphunziro a uphunzitsi.

Tinamangadi, ndipo ulendo woyamba tinalakwitsa. Kulakwitsako kunatsala pang'ono kuchititsa mwana kudana ndi chinthu chimene anachikonda. M'phunziro lino tiona mmene makina a m'galaja amagwirira ntchito, chifukwa chake amafuna nsanja, mmene mungamangire nsanjayo ndi zinthu zopezeka kwanu, komanso zimene mphunzitsi angatolepo.

Gofu mwachidule

Gofu ndi masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo mpaka kalowe m'kadzenje, ndipo amapambana ndi amene wamenya maulendo ochepa. Bwalo lathunthu limakhala ndi maenje 18. Masewerawa anakulira ku Scotland. Mu 1457 mfumu James II inawaletsa chifukwa amuna ankanyalanyaza kuphunzira kuponya mivi, ndipo malamulo akale kwambiri olembedwa ndi a ku Leith a mu 1744. Malamulo a lero amati mpira usalemere kuposa magalamu 45.93, usachepere mamilimita 42.67 m'mimba mwake, ndipo dzenje likhale la mamilimita 108.

Kuno ku Malawi mabwalo alipo ku Lilongwe, Blantyre, Limbe, Zomba, Mzuzu, komanso kuminda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Kuchoka paboma la Kasungu kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 130, ndipo kwa Simlemba n'kutsogolo kwake. Choncho mwana wa kwathu akafuna kuphunzira kumenya mpira wa gofu ayenera kuphunzirira pakhomo. Vuto lake likufanana ndi la munthu wa mumzinda amene alibe nthawi yopita kubwalo, kapena wa kumayiko ozizira amene bwalo lake lakutidwa ndi chipale. Onsewa amafuna malo aang'ono oyesererapo.

Mmene makina a m'galaja amagwirira ntchito

Makinawa ali ndi zigawo zinayi: kabokosi koyeza mpira, kompyuta, pulojekita, ndi chinsalu cholimba chimene chimaimitsa mpira kwinaku chikuonetsa chithunzi. Mtima wa zonsezi ndi kabokosiko. Ena amagwiritsa ntchito radar, monga TrackMan ya ku Denmark imene inayamba mu 2003, ndipo amaikidwa kumbuyo kwa womenya kuti azitsatira mpira ukamauluka. Ena, monga a Foresight ndi SkyTrak, ali ndi makamera ojambula mwachangu kwambiri, ndipo amaikidwa pambali pa mpira.

Kabokosiko kamayeza liwiro la mpira, kukwera kwake ponyamuka, mbali imene walowera, ndi mmene ukuzungulira. Mpirawo umangouluka mamita awiri kapena atatu n'kugunda chinsalu. Ulendo wotsalawo amauwerengera ndi kompyuta potsata malamulo a sayansi, kenako n'kuujambula. Ku South Korea kampani ya Golfzon, imene inayamba mu 2000, inafalitsa kwambiri zipinda zoterezi m'mizinda, ndipo mu Januwale 2025 Tiger Woods ndi Rory McIlroy anayambitsa ku Florida mpikisano wa TGL umene akatswiri amamenyera mpira pachinsalu chachikulu.

Makinawa amadalira chinthu chimodzi chofunika. Amathandiza bwino ngati mpira, mapazi a womenya ndi kabokosiko zili pamalo osapendekera. Pansi pakapendekera, manambala otuluka pakompyuta amatha kusocheretsa, ndipo womenya amayamba kukonza vuto limene alibe.

Chifukwa chake pamafunika nsanja

Simenti ya m'galaja ili ndi mavuto atatu. Loyamba ndi kupendekera. Amisiri amaipendeketsa dala kuloza kuchitseko, kawirikawiri sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse, kuti madzi azituluka. Ndi maso simungaone, koma pa mita imodzi ndi theka kusiyanako kumatha kufika masentimita 3.

Lachiwiri ndi kutalika kwa kapeti yomenyerapo. Munthu akaika mpira pakapeti yokhuthala iye ataponda pasimenti, mpirawo umakhala pamwamba kuposa mapazi ake. Kwa munthu wa dzanja lamanja, mpira umene uli pamwamba pa mapazi umakonda kupita kumanzere, ndipo umene uli m'munsi umapita kumanja. Chifukwa chake n'chakuti nkhope ya ndodo ya gofu ndi yopendekera kumwamba kuti izinyamula mpira. Mutu wa ndodo ukatukuka, nkhopeyo imayang'ana kumanzere ngakhale manja agwire bwinobwino. Mungadzionere nokha. Matani pensulo pankhope ya ndodo kuti iloze kumene nkhopeyo yayang'ana, kenako tukulani mutu wa ndodoyo pang'onopang'ono osapotoza manja. Muona pensuloyo ikutembenukira kumanzere.

Lachitatu ndi kuuma kwa pansi. Pa udzu weniweni, ndodo yachitsulo imayamba yagunda mpira kenako n'kulowa m'nthaka pang'ono, ndipo nthakayo imalandira mphamvu yotsala. Pasimenti mphamvuyo imabwerera m'mikono, ndipo munthu akamenya mipira yambiri tsiku ndi tsiku amayamba kumva kuwawa m'zigongono ndi polumikizira dzanja. Kuonjezera apo, ndodo ikagunda pansi pouma isanafike pampira imadumpha n'kukaumenyabe bwino. Womenyayo amaganiza kuti wakhoza, chonsecho pabwalo akanangokumba dothi.

Nsanja yabwino imathetsa zonse zitatu. Imakhala yosapendekera, mpira ndi mapazi zimakhala pa levulo imodzi, ndipo pomenyerapo pamakhala pofewa.

Kulakwitsa kwathu

Chigafa cha fodya wa bale n'chachifupi ndipo mizati yake ndi yoyandikana, choncho simungazunguze ndodo m'kati mwake. Tinagwirizana zoti womenya aziima panja pakhomo pa chigafa n'kumamenyera m'kati, kumene tinapachika ziguduli. Tinasalaza dothi ndi khasu, n'kuyalapo chitseko chakale. Pomenyerapo tinaikapo kathabwa ndi chidutswa cha kapeti. Amalume anandifunsa ngati pali bwino. Ndinayang'ana ndi maso n'kuyankha kuti, "Pali bwino, malume." Kusekondale ndinaphunzira masamu ndi sayansi, koma tsiku limenelo sindinayeze chilichonse.

Wophunzira wathu woyamba anali msuweni wanga wa zaka 12, mwana wa amalumewo. Ankadzuka m'mamawa kukatunga madzi kuti apeze mpata womenya mpira. Koma mipira yake inkangopita kumanzere. Tsiku lina ndinawerenga: pa mipira 20, yokwana 16 inagunda kumanzere kwa chiguduli. Amalume ankakalipa kuti, "Iwe, manja akowo! Ukukoka ndodo!" Mwanayo ankayankha motsitsa mawu kuti, "Adada, ndikuchita mmene mwanenera." Ine ndinalemba m'kope mwanga, monga mphunzitsi wa mawa, kuti wophunzirayu satsatira malangizo. Patatha mlungu umodzi anasiya kubwera. Nditamufunsa anangoti, "Asuweni, gofu si yanga."

Amene anatitsegula m'maso ndi mmisiri womanga nyumba wa mudzi woyandikana nafe, yemwe anaima kudzaonerera. Sananene zambiri. Anapempha kapu ya madzi n'kuthira pachitseko chija, ndipo madziwo anayenderera molunjika kumene kumaponda zidendene. Nthaka ya pamenepo inapendekera kumbali, kumene kuli ngalande ya madzi a mvula. Titayeza bwino tinapeza kuti, kuphatikiza kathabwa ndi kapeti, mpira unali pamwamba pa mapazi ndi masentimita 5.

Nanga bwanji mipira ya amalume inkapita bwino? Iwo anazolowera kale. Thupi lawo linkamva kupendekerako n'kudzikonza lokha, kugwira ndodo m'munsi pang'ono ndi kulozetsa kumanja, eni ake osazindikira. Mwana analibe luso limenelo. Iye ankachita ndendende zimene anauzidwa, ndipo chitseko chija ndicho chinkatumiza mpira kumanzere.

Kamangidwe ka nsanja

Tinagwetsa zonse n'kuyambiranso. Nsanja yathu ndi ya masentimita 150 mbali zonse, kukula kokwanira munthu wamkulu ndi ndodo yaitali. Zofunika ndi izi: matabwa a 2 by 4 okwana mamita 10, thabwa limodzi la pulayiwudi lokhuthala mamilimita 18, njerwa 9 zowotcha bwino, misomali, pulasitiki, paipi yoonekera m'kati ya mamita 4 kapena 5, tepi, chingwe ndi zikhomo.

1. *Sankhani malo.* Munthu wamtali kuposa onse aime ndi ndodo yaitali n'kuizunguza pang'onopang'ono mbali zonse. Isakhudze denga, mzati kapena nthambi. M'nyumba pamafunika denga lotalika pafupifupi mamita 3. Nsanja italikirane ndi chotchinga mpira ndi mamita 2.5 kapena 3.

2. *Lembani ngodya.* Khomani zikhomo n'kumanga chingwe. Kuti ngodya ikhale yolunjika, yezani masentimita 90 mbali imodzi ndi 120 mbali inayo. Mtunda wolumikiza nsonga ziwirizo ukhale 150. Ili ndi lamulo la Pythagoras lija, la 3, 4 ndi 5. Mukamaliza yezani mopingasa kuchoka pangodya kufika pangodya. Mizere yonse iwiri ikhale masentimita 212.

3. *Konzani maziko.* Chotsani dothi lofewa la pamwamba, tsirani madzi pang'ono n'kutsindira ndi musi. Ikani njerwa 9 m'mizere itatu ya njerwa zitatuzitatu, iliyonse pakamchenga.

4. *Yezani ndi madzi.* Dzazani paipi ija ndi madzi, n'kuonetsetsa kuti mulibe thovu la mpweya. Madzi a m'paipi yotsegula mbali zonse amaima pamsinkhu wofanana kunsonga zonse ziwiri. Munthu mmodzi agwire nsonga pachikhomo cha pangodya imodzi, wina apite nayo inayo pazikhomo zina, ndipo aliyense alembe pamene madzi aima. Kuchoka pa zizindikirozo yezani kutsika kufika pamwamba pa njerwa iliyonse. Muyezo ukhale umodzi. Njerwa ikatsika onjezerani mchenga pansi pake, ikakwera kumbani. Musapanikize tizidutswa ta mitengo, chifukwa timawola kapena kudyedwa ndi chiswe. Amene akumanga pasimenti ya galaja amachita zomwezi, kungoti iwo amasema matabwa apansi mopendekera kuti alipire kupendekera kwa simentiyo.

5. *Khomani felemu.* Dulani matabwa awiri a masentimita 150 a m'mphepete, ndi asanu a masentimita 140 opingasa. Opingasawo atalikirane pafupifupi masentimita 36, lachitatu likhale pakatikati. Akatalikirana kwambiri nsanja imanjanja munthu akasuntha thupi.

6. *Semani ngalande yomenyeramo.* Apa ndi pofunika kwambiri. Kumbali imene kudzakhale mpira, semani masentimita 28 omalizira a felemu yonse, pamodzi ndi thabwa la m'mphepete, kuti atsike ndi masentimita 3.

7. *Yalani pulayiwudi.* Thabwali limabwera la masentimita 244 ndi 122. Dulanipo chidutswa cha 150 ndi 122, chimene ndi popondapo. Pa chotsalacho dulani tiwiri ta 75 ndi 28 n'kutikhoma m'ngalande muja. Mitu ya misomali ilowe m'kati mwa thabwa. Popondapo pakanipo penti yosakaniza ndi mchenga kuti pasaterere.

8. *Dzazani ngalandeyo.* Pansi ikani siponji yolimba, pakati labala wa chubu cha galimoto, pamwamba kapeti. Zonse pamodzi zikwane masentimita 3. Gonekani thabwa lowongoka kuchoka popondapo kufika pakapeti. Pasaoneke mpata pansi pake. Chigawo chimenechi musachikhomerere, chifukwa chimatha msanga ndipo muzidzasintha.

9. *Tetezani matabwa.* Yalani pulasitiki pamwamba pa njerwa, ndipo matabwa apansi apakeni mankhwala a chiswe. Yezaninso ndi madzi nsanja itakhala pamalo pake, komanso pakatha mlungu umodzi, popeza dothi limatsika.

Nsanja yotere imalemera ngati thumba la chimanga, moti anthu awiri amainyamula. Womenya ndi dzanja lamanzere akabwera mumangoitembenuza. Mvula ikayamba ndipo chigafa chikafunika pa ntchito yake, muiimike pamalo ouma.

Chitetezo

Mpira wa gofu ndi waung'ono koma ndi woopsa. Katswiri amaumenya pa liwiro loposa makilomita 250 pa ola, kapena kuti mamita 70 pa sekondi. Mukawerengera monga tinaphunzirira m'kalasi ya sayansi, mphamvu yake imafanana ndi ya njerwa ya makilogalamu 3 yogwa kuchoka pamwamba pa mamita pafupifupi 4, ndipo yonseyo imathera pakamalo kochepa ngati chala chachikulu. Ngakhale mpira wa mwana ungaphulitse diso.

Ife tinasoka ziguduli zitatu mophatikiza n'kuzipachika kuti zitseke khomo lonse la chigafa. Musazikoke kuti zithine. Chinsalu cholendewera chimayenda ndi mpira n'kuulanda mphamvu, pamene chothina chimaubweza kwa womenya. M'munsi mwake mugone pansi masentimita 30, ndipo kumbuyo kwake kukhale mpata wa theka la mita wopanda khoma kapena mzati. Mizati yoonekera kutsogolo ikulungeni ndi matumba odzaza makoko a mtedza kapena utuchi, chifukwa mpira ukagunda mtengo wouma subwerera mwaulemu. Musatenge neti yogonamo. Ndi yosalimba, ndiponso ntchito yake ndi yoteteza banja ku malungo.

Malamulo athu ndi atatu. Pansanja pamaima munthu mmodzi. Oonerera onse amakhala kumbuyo kwake, mamita 4 kuchoka pamene ndodo ikufika. Ana amayamba ndi tizikulunga ta majumbo kapena mipira ya tenisi, ndipo mpira weniweni amamenya pokhapokha wamkulu alipo. Onaninso kuti kuseri kwa chigafa kulibe njira yodutsa anthu.

Phulusa m'malo mwa kompyuta

Ntchito yaikulu ya makina a m'galaja ndi kuuza womenya zoona za mpira umene wangomenya. Ife tilibe makinawo, koma zina mwa zoonazo tingazipeze. Pachiguduli tinajambula ndi khala mizere iwiri yotsika, kugawa kumanzere, pakati ndi kumanja, ndipo wina amalemba kumene mpira uliwonse wagunda. Pakapeti timathira kamzere ka phulusa masentimita 5 kumbuyo kwa mpira. Phulusalo likamwazika, ndiye kuti ndodo inagunda pansi isanafike pampira. Pankhope ya ndodo timapakapo choko kuti tione pamene mpira wakhudza.

Nsanja yatsopano itatha, ndinapita kwa msuweni wanga kukapepesa. Ndinamuuza kuti wolakwa ndinali ine amene sindinayeze, ndipo tsamba lija ndinang'amba iye akuona. Amalume sananene mawu opepesa, koma anamupatsa ndodo ndi mpira woyamba pamaso pa ana onse.

Chimene chinachitika chinatidabwitsa. Mipira yake inayamba kupita kumanja. Mlungu uja ankakalipiridwa, thupi lake linali litayamba kukankhira mpira kumanja pofuna kulimbana ndi kupendekera, ndipo linapitiriza kutero ngakhale pansi panali patawongoka. Zinamutengera milungu iwiri kuti asiye zimene anaphunzira mlungu umodzi. Tsiku lomaliza ndisananyamuke kubwerera kukoleji, mipira 13 mwa 20 inagunda pakati.

Kwa ife amene tikuphunzira uphunzitsi

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mbiri ya gofu ikuvomereza. Lee Trevino wa ku America anaphunzirira panthaka youma gwa ya ku Texas, ndipo kamenyedwe kake kotsitsa mpira kanachokera pamenepo. Papwa Sewgolum wa ku Durban, amene anayamba ngati wonyamulira anthu ndodo, anazolowera ali mwana kugwira ndodo mosemphanitsa manja ndipo sanasinthe mpaka kukula. Anapambana nako mpikisano wa Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964. Awiriwa zinawayendera, koma kwa ana ambiri chizolowezi cholakwika chimangowafooketsa mpaka kusiya.

Pa nkhaniyi ndatolapo zinthu zitatu. Choyamba, ana akamalakwitsa mofanana mobwerezabwereza, yambani mwafufuza malo ndi zipangizo. Mwana wokopera molakwika mwina amakhala pamene dzuwa likuwala pabolodi, kapena maso ake saona patali. Kwathu kwa Simlemba ana ambiri amayankhula Chitumbuka pakhomo, ndipo amene akuoneka wosamvera mwina sanamve liwu limodzi m'malangizo a Chichewa kapena Chingerezi.

Chachiwiri, m'makoleji a uphunzitsi timalimbikitsidwa za TALULAR, kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Njirayi ndi yabwino, ndipo nsanja yathu ndi chitsanzo chake. Koma chipangizo chopanga tokha chiyenera kuyezedwa ngati chogula. Rula ya katoni ya mizere yosafanana, kapena sikelo ya zitini imene mbali imodzi ndi yolemera, imaphunzitsa ana 60 cholakwika nthawi imodzi, ndipo mawa tidzawachongera ziro pa zimene tinawaphunzitsa tokha.

Chachitatu, wodziwa kale ndi amene amavutika kuona vuto la chipangizo, monga anachitira amalume. Mukapanga chothandizira kuphunzitsa, musachiyese nokha. Mupatseni mwana amene sakudziwa kalikonse, inu n'kukhala chete kuonerera. Ndipo mukapeza kuti munamudzudzula pachabe, muuzeni poyera. Msuweni wanga anabwerera pansanja chifukwa anamva kuti vuto silinali iye.

Ntchito yomanga nsanjayi mungaichite ndi kalasi kapena gulu la achinyamata masiku awiri kapena atatu. Muli masamu a ngodya ndi kukula kwa malo, muli sayansi ya madzi ndi mphamvu, muli ukalipentala, komanso masewera olimbitsa thupi. Ngati mulibe ndodo za gofu, njira yomweyi yoyezera ndi madzi idzakuthandizani pokhazika tebulo la tenisi, mizati ya netibolo kapena maziko a khola.

Mafunso okambirana

1. Simenti ya galaja yapendekera masentimita 2 pa mita iliyonse. Kodi mbali yotsika ya nsanja ya masentimita 150 iyenera kutukulidwa ndi masentimita angati?
2. Mukadula zidutswa zitatu zija pa thabwa la pulayiwudi, patsala malo aakulu bwanji?
3. N'chifukwa chiyani thovu la mpweya m'paipi lingasokoneze muyezo?
4. Fotokozani chifukwa chake chinsalu cholendewera chimaimitsa mpira bwino kuposa chothina.
5. Kumbukirani phunziro limene munalisiya poganiza kuti si lanu. Kodi panali china chake pamalo, pazipangizo kapena pachiyankhulo chimene chinkakulepheretsani?
6. Tchulani chipangizo chimodzi chimene mwapanga pokonzekera kukaphunzitsa. Mudzachiyeza bwanji musanachipereke kwa ana?